Kodi belu la mkuwa lingaumbidwe lero monga ankachitira amonke zaka 900 zapitazo?

Mbewe wa Mapoto
Moni nonse pagulu pano. Ine ntchito yanga ndi youmba mapoto a aluminiyamu, aja timathira mumchenga. Mwana wa mlongo wanga wanditumizira kanema wa azungu ena akuumba belu la tchalitchi popanda magetsi kapena gasi. Ali ndi makala, mvukuto ndi dongo basi, ati akutsatira mmene ankachitira amonke a ku Ulaya kalekale. Chandizunguza mutu n'chakuti chikombole chawo anachikwirira m'dzenje, komanso asanathire chitsulo m'munsi mwake munkatuluka mafuta. Mafutawo ndi a chiyani? Nanga dzenjelo? Ndikufunsa chifukwa mtima wanga ukulakalaka kuyesa kabelu kakang'ono, ka makilogalamu 10 kapena 15, kuti ndione ngati manja angawa angathe. Amene mukudziwa, chonde ndithandizeni.

Kondwani ku Stuttgart
A Mbewe, mwakhudza nkhani imene ndimaikonda zedi. Zimene mwaonazo zikuchokera kwa mmonke wina amene ankadzitchula kuti Theophilus. Iyeyu analemba buku la umisiri m'Chilatini cha m'ma 1120, dzina lake De diversis artibus, ndipo m'gawo lachitatu muli mutu wautali wa mabelu okhaokha. Akatswiri ena amaganiza kuti anali Roger wa ku Helmarshausen, mmisiri wa golide wa kuno ku Germany.

Njira yake imayenda chonchi. Amatenga mtengo wouma, wonenepa mbali imodzi, n'kuugoneka pa matabwa awiri kuti uzizungulira akamapukusa chogwirira. Pamtengopo amamata dongo, kudikira liume, kumatanso lina, mpaka litatenga maonekedwe a m'kati mwa belu. Kenako amatenga mafuta a nyama, aja amagwirana akazizira monga a ng'ombe kapena a nkhosa, kuwakanda, kuwapapatiza pathabwa kuti akhale mulingo umodzi, n'kuwakuta padongo lija. Kunenepa kwa mafutawo ndiko kudzakhale kunenepa kwa belu. Zilembo ndi maluwa amazijambula pamafuta pomwepo. Akatero amamatanso dongo pamwamba kangapo, kuchotsa mtengo uja, kuumba makutu opachikira, n'kumanga chikombole chonse ndi mikombero yachitsulo. Moto ukasonkhedwa, mafuta amasungunuka n'kutulukira pa mabowo a m'munsi, m'kati n'kutsala mpata. Mpata umenewo ndiwo mkuwa umadzaza.

Chigawo chomwe chino cha Baden-Württemberg, pafupi ndi tauni ya Meßkirch, kuli malo otchedwa Campus Galli. Kuyambira 2013 akumanga nyumba ya amonke ndi zida zakale zokhazokha, potsatira pulani ya zaka za m'ma 800 yosungidwa ku St. Gallen, ku Switzerland. Kumeneko anayesa kuumba belu m'njira ya Theophilus motsogozedwa ndi katswiri wa zitsulo zakale Bastian Asmus, ndipo linadzatuluka lathunthu atayesa kangapo. Dziwani kuti awa ndi anthu oti bukulo amalidziwa bwino lomwe.

Tembo wa ku Kitwe
Za dzenje ndiyankhe ine, popeza ndakalambira pa ng'anjo za kopa kuno ku Copperbelt. Inu a Mbewe mwazolowera aluminiyamu, amene lita imodzi imalemera makilogalamu 2.7 okha. Lita imodzi ya mkuwa wa belu imaposa makilogalamu 8.5. Chitsulo cholemera chotere chikasanduka madzi chimakankha makoma a chikombole mwamphamvu, makamaka m'munsi komwe kuli mlomo wa belu, ndipo chimafuna kunyamula chikombole chakunja chonse kuti chiyandame. Dongo palokha silingapirire. N'chifukwa chake amakwirira n'kutsendera dothi mozungulira, kuti nthaka igwire.

Kutenthanso musakuone mopepuka. Aluminiyamu wanu amasungunuka pa madigiri 660. Kopa amafuna 1,085, ndipo mkuwa wa belu amauthira uli cha pa 1,100. Makala abwino amafika pamenepo ngati mvukuto sukupuma, koma chigubu chachitsulo chimene mumasungunuliramo aluminiyamu chisiyeni, chifukwa kopa wosungunuka amadya chitsulo. Theophilus yemweyo mphika wake wachitsulo ankayamba waumata dongo.

Mbewe wa Mapoto
Zikomo a Tembo, apa ndiye maso atseguka. Tsono mkuwa wakewo ndiupeza kuti? Kwa ogula zitsulo zakale kumapezeka mipopi yachikasu, maloko ndi zogwirira zitseko. Ndikasungunula zimenezo sizingatheke?

Tembo wa ku Kitwe
Ayi achimwene, zimenezo ndi bulasi, kopa wosakaniza ndi zinki. Kabelu kangatuluke, koma mawu ake satalika. Choopsa china n'chakuti zinki amawira pa madigiri 907, ndiye pa moto wanuwo amatuluka ngati utsi woyera. Mukaupuma, usiku wake mumagwidwa ndi kuzizidwa ndi kuphwanya thupi ngati malungo.

Mkuwa wa belu ndi kopa ndi tini basi, tini pokhala chitsulo choyera chofewa. Theophilus anati magawo anayi a kopa, lachisanu tini, kutanthauza 80 ndi 20 pa 100. Oumba mabelu amasiku ano amakonda 78 ndi 22. Taonani, zaka 900 zadutsa koma mulingo wangosuntha pang'ono chabe. Tini akachepa, chitsulo chimafewa ndipo mawu amafa msanga. Akapitirira 25 pa 100, belu limalira mokoma koma silichedwa kusweka. Yambani kusungunula kopa, tini muike kumapeto, popeza iye amasungunuka pa madigiri 232 okha ndipo akakhalitsa pamoto amapsa n'kuchepa.

Kopa wabwino ndi wa mawaya a m'mamota akufa, koma mugule kwa anthu odziwika, musalole kulandira nthambo zobedwa. Tini ndiye wovuta. Musanyengedwe ndi waya wowotcherera mawailesi, chifukwa wambiri mumakhala mtovu, ndipo mtovu umapha mawu a belu.

Nyamazana
Pepani ndilowerere. Abambo a ku parishi kwathu ankatiuza kuti mabelu akale amalira bwino chifukwa anthu olemera ankaponyamo ndalama zasiliva ndi mphete zawo. Si zoona zimenezo?

Kondwani ku Stuttgart
Nkhani imeneyo imakambidwa ku Ulaya konse, achemwali, koma mabelu akale akapimidwa sapezamo siliva woti n'kunena. Siliva sakometsa mawu. Chimene anthu ankaperekadi ndi miphika yamkuwa, mbale za tini ndi mabelu osweka, chifukwa zitsulozi zinali zodula. Kopa ankakumba ku Rammelsberg pafupi ndi Goslar, tini ankachokera kutali ku Cornwall ndi ku Devon, ku England.

Naphiri wa ku Leicester
Moni akuluakulu. Ine ndine namwino, koma Lamlungu ndimakoka nawo zingwe za mabelu pa tchalitchi cha m'dera lathu, ndiye nkhaniyi yandikoka. Pafupi ndi kuno, ku Loughborough, kuli fakitale ya John Taylor & Co, imene inaumba belu la Great Paul la ku St Paul's Cathedral mu 1881, lolemera matani oposa 16. Chitsekedwereni fakitale ya Whitechapel ya ku London mu 2017, ija inaumba belu lotchuka la Big Ben mu 1858, iyi ndiyo fakitale yaikulu ya mabelu imene yatsala m'dziko muno. Gulu lathu litapitako kukaona, chimene chinandigwira mtima si ng'anjo ayi. Ndi matope. Mpaka lero amasakaniza dongo, mchenga, ndowe za hatchi ndi ubweya wa mbuzi, n'kumamata ndi manja. Makompyuta alipo, makina opala belu alipo, koma zikafika pa chikombole amabwerera ku ndowe. A Mbewe, ine ndikuona kuti inu ndi a Tembo mwathamangira ku chitsulo, pamene ntchito yaikulu ili padongo.

Mayi Nankhoma
Mwanena zoona mwanawe. Ine za mabelu ndazimvera pano, koma dongo ndakula nalo, amayi anga anali oumba mbiya ndipo inenso ndimaumba. Ndawerenga zimene walemba Kondwanizi ndipo ndikuona pamene munthu angagwere. Akuti mata, dikira liume, matanso. Kunena n'kosavuta. Koma liume bwanji? Dongo ukaliika padzuwa limauma kunja m'kati muli madzi, ndipo mawa lake upeza ming'alu. Limafuna mthunzi, malo opita kamphepo pang'ono, ndipo ukamata lochindikala kuti ufulumire walakwitsa kale. Ife timaliyesa ndi tsaya: likamazizira ukaligunditsa, madzi akadalimo. Timagogodanso ndi chala kumvera mawu.

Chinanso, dongo silifanana. La kudambo lonona kwambiri limanyala likamauma, ndiye limang'ambika. Timalithira mchenga wosefa kapena mapale akale osinja kuti likhazikike. La pachulu limagwira bwino koma nalonso limafuna kuliyesa. Mmonke wanuyo ankadziwa dongo la kwawo ndi manja ake, n'chifukwa chake sanavutike kulemba zonse. Inu a Mbewe dongo la kwanu mulidziwe nokha. Umbani timatabwa tadongo ting'onoting'ono, tina mchenga wambiri, tina ndowe zambiri, tina pang'ono, mulembe chizindikiro pa kalikonse, muumitse, muotche, muone kamene kapirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayatse ng'anjo mwezi uno.

Tembo wa ku Kitwe
Amayi, mawu anuwa ndawalandira ndi manja awiri. Ndiwonjezere chifukwa chake cha ndowe. Muli timaudzu tosagayika bwino, timene timamanga dongo kuti lisang'ambike pouma. Chikombole chikaotchedwa, timaudzuto timapsa n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mpweya umathawira mmenemo mkuwa ukamalowa. Popanda timabowoto mpweya umatsekeredwa m'chitsulo, belu n'kutuluka ndi zibowo m'kati. Ndowe za hatchi zimaposa za ng'ombe chifukwa hatchi sabzikula, ndiye udzu umatuluka usanaphwanyike kwambiri. Kwanuko mungagwiritse za abulu, aja amakoka ngolo, popeza mimba yawo imagwira ntchito mofanana.

Za madzi zija amayi anenazi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Madzi akasanduka nthunzi amafutukuka kuwirikiza pafupifupi ka 1,700. Chikombole chonyowa chikalandira mkuwa wa madigiri 1,100 chimalavula chitsulo kumaso kwa wothira. Theophilus chikombole chake ankachiotcha usana ndi usiku wonse mpaka chifiire.

Mayi Nankhoma
Eya, ndipo moto wake uyambe pang'onopang'ono. Mukayamba ndi moto waukali chiphulika musanafike n'komwe pa chitsulo.

Aphunzitsi Kaliati
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndiike langa. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndipo chimene chimandivuta pa zoyesayesa zoterezi ndi ichi. Ambiri amene amati akuumba ngati akale amabisa kachipangizo koyezera kutentha kuseri, amagula kopa woyengedwa kale ku fakitale, amavala magalasi ndi nsapato zamakono. Ndiye tikuphunzirapo chiyani za mmisiri wa mu 1120? Iye analibe nambala ya 1,100 imene a Tembo akutipatsayi. Ankaona mtundu wa moto ndi kayendedwe ka chitsulo. Ngati tikufunadi kudziwa nzeru zake, tiyenera kudzimana zimene iye analibe. Apo ayi tingovomera kuti tikuumba belu lamakono m'chikombole chakale.

Kondwani ku Stuttgart
Aphunzitsi, ndikulemekeza maganizo anu koma pamenepa tisiyana. Mmisiri wakale anayamba ali kamnyamata, kupopa mvukuto kwa zaka, kuonerera mbuye wake akuthira mabelu ambirimbiri. Diso lake linaphunzitsidwa ndi anthu. Mzere umenewo unaduka, chifukwa njira ya mafuta anyamayi inasiyidwa cha m'ma 1200 pamene mabelu anayamba kukula. Palibenso wamoyo amene angakuimike pambali n'kukuuza kuti taona, mtundu uwu ndiye wafika. Kachipangizo koyezera kaja kakulowa m'malo mwa mbuye amene kulibe. Ukaona kuti nambala yakwana, umayang'ana mtundu wa chitsulo n'kuusunga m'mutu, ndipo ulendo wina sufunanso kuyeza. Komanso zikakanika, umadziwa ngati vuto linali moto kapena dongo. Popanda kuyeza ungalephere kakhumi osadziwa chimene chikukulepheretsa.

Aphunzitsi Kaliati
Pa kuyeza kuti uphunzire ndavomera. Koma pa kopa woyengedwa sindisuntha. Mkuwa wakale munkakhala mtovu ndi zitsulo zina pang'ono, ndipo zimenezo zimasintha kayendedwe kake m'chikombole ndi mawu omwe. Woyesa aliyense azinena poyera zimene wasintha.

Tembo wa ku Kitwe
Kunena poyera n'koyenera, Aphunzitsi. Koma magalasi ndi nsapato zisalowe m'mkangano. Ndaona ndi maso anga zimene kadontho kamodzi ka kopa kamachita pa phazi la munthu. A Mbewe avale zachikopa, nsapato zotseka, chotchinga kumaso, ndipo pansi pakhale mchenga wouma, osati simenti. Ana akhale kutali.

Woyang'anira Gulu
Mkangano uli bwino, pitirizani mwaulemu chomwechi. Wina watumiza uthenga wotsatsa malonda a zitsulo, ndauchotsa.

Chisale Wakwaya
Ine ndifunse za mawu, poti ndiko kwanga. A Mbewe akatsatira mmonkeyu bwinobwino, belu lawo lidzalira ngati mabelu amene timamva pa wailesi ochokera ku Roma kapena ku London?

Naphiri wa ku Leicester
Silidzatero, a Chisale, ndipo ndi bwino adziwiretu kuti asadzakhumudwe. Belu silitulutsa liwu limodzi. Mukalimenya mumamveka mawu angapo nthawi imodzi, ndipo oumba amasamala kwambiri asanu. Pali lapansi long'ung'udza limene limatsalira ena atatha, pali lapakati, pali lina lokwera pang'ono limene limapatsa belu kamvekedwe kachisoni kaja, pali lachinayi, ndiye pali lapamwamba. Kuti asanuwa agwirizane zimadalira maonekedwe a belu ndi kunenepa kwa khoma lake pamalo aliwonse. Mabelu a nthawi ya Theophilus anali ngati dengu lovundikira, makoma oimirira, kunenepa kofanana pafupifupi paliponse. Mawu ake amamveka okalipa, osagwirizana kwenikweni, ndipo satalika.

Kondwani ku Stuttgart
Ndi zoona, koma ine ndimawakonda mawu amenewo. Ku Bad Hersfeld kuli belu lotchedwa Lullusglocke la mu 1038, lolemera pafupifupi tani imodzi, ndipo likadalira pa masiku apadera. Lina laling'ono la cha m'ma 950 analivuula padoko la Haithabu mu 1978. Ukamva Lullusglocke umamva chimene munthu wa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo ankamva, popanda wokometsera. Theophilus ankaboolanso timabowo tinayi ta ngodya zitatu chakumtunda kwa belu pokhulupirira kuti lizilira bwino, ndipo timabowo totere timaonekadi pa mabelu ena a nthawi imeneyo.

Kusintha kunabwera pamene anasiya kugoneka chikombole pamtengo n'kuyamba kuchiimika. Pakati amamanga ndi njerwa, n'kuzungulitsa thabwa losemedwa molingana ndi mbali ya belu kuti lipale dongo. M'malo mwa mafuta amaumba belu lachinyengo ladongo, kulipaka mafuta pang'ono, kuika zilembo zaphula, kumata chikombole chakunja, kenako kuchinyamula, kuswa belu ladongo lija, n'kuchibwezera. Thabwa lija ndilo linakhala chinsinsi cha banja lililonse la oumba. Belu la Hosanna la ku Freiburg, la mu 1258, lolemera matani oposa atatu, lili kale panjira yatsopanoyi. Pofika 1497, Geert van Wou anaumba Gloriosa ku Erfurt, matani oposa 11, ndipo mpaka lero anthu amaliyesa limodzi mwa mabelu okoma koposa ku Ulaya. Analiumbira pomwepo pafupi ndi tchalitchi. Munthu ameneyo analibe chipangizo chilichonse choyezera mawu, koma anadziwa liwu limene lidzatuluke asanathire.

Chisale Wakwaya
Ndiye kuchuna belu litaumbidwa kale kunayamba liti?

Naphiri wa ku Leicester
Kugoba ndi tchizulo kunalipo kale, koma kuchuna mawu asanu aja mwadongosolo anakukhazikitsa ndi abale awiri, François ndi Pieter Hemony, ku Netherlands m'zaka za m'ma 1640, mothandizana ndi Jacob van Eyck, woimba mabelu wa ku Utrecht amene anali wosaona. Ankaumba belu lonenepa pang'ono dala, n'kulipala m'kati pamalo oyenera. Lamulo lina losavuta ndi ili, a Chisale: mukafuna belu lolira pansi ndi okitevu imodzi, kuchoka pa do kufika pa do wapansi, muyeso uliwonse muwirikize kawiri, ndipo kulemera kumawirikiza kasanu n'katatu. N'chifukwa chake mabelu a mawu akuya amadya chuma chotere.

Mphatso_265
Koma akuluakulu, ndifunse mosapsatira. Tikutayiranji nthawi ndi mabelu a azungu? Kwathu limu ya galimoto yopachika pamtengo imaitana ana kusukulu bwinobwino. Bwanji osakamba za umisiri wa makolo athu?

Aphunzitsi Kaliati
Mphatso mwana wanga, funso lako lili ndi malo ake. Koma njira yosungunula phula kapena mafuta m'chikombole si ya azungu okha. Ku Igbo-Ukwu ku Nigeria ankaumba zamkuwa zogometsa m'njira yomweyi zaka za m'ma 800 ndi 900, Theophilus asanabadwe, ndipo ku ufumu wa Benin, ku Nigeria komweko, ankaumba mabelu amkuwa a ngodya zinayi oika pa maguwa a makolo. Kuno kwathu njira inali ina. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, mu 1960 anafukula mitanda ya kopa yothiridwa m'chikombole, zida zokokera waya, ndi mabelu achitsulo osula. Ng'anjo ndi mvukuto makolo athu ankazidziwa bwino. Chimene chikundisangalatsa pa ulusi uno n'chakuti buku la mmonke wa ku Germany lasowa pogwira mpaka Mayi Nankhoma atalankhula.

Ndipo pali chifukwa china chimene a ku Ulaya akulimbikira zoyesazi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Nazi la ku Germany linalanda mabelu pafupifupi 175,000 m'mayiko osiyanasiyana, ambiri n'kuwaunjika padoko la Hamburg, ndipo ochuluka anasungunulidwa kuti apange zida. Mabelu akale otsala ndi ochepa, sungawadule kuti uone m'kati. Chotsala ndi maenje oumbira amene ofukula zakale amawapeza pansi pa matchalitchi, popeza oumba ankayenda ndi zida zawo n'kuumbira pamalo pomwepo, ndiponso zithunzi monga zenera la m'tchalitchi cha York Minster ku England limene anapereka Richard Tunnoc, woumba mabelu amene anamwalira mu 1330. Pazeneralo pakuoneka anthu akuzungulitsa chikombole ndi kuthira chitsulo. Kuti zidutswa zimenezi zilumikizane, wina ayenera kudetsa manja.

Mphatso_265
Za Ingombe Ilede ndiye ndazimva lero. Zikomo Aphunzitsi.

Mbewe wa Mapoto
Abale, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Mayi Nankhoma, mawa ndikukatapa dongo la mitundu itatu ndiyambe timatabwa tija. Ndatsala ndi mafunso awiri. Ndidziwa bwanji kuchuluka kwa mkuwa woti ndisungunule, kuti usandithere pakati? Komanso kuno kukutentha, mafuta a ng'ombe sadzandisungunukira m'manja ndisanamate dongo?

Tembo wa ku Kitwe
Loyambalo n'losavuta. Yezani pasikelo mafuta onse musanayambe, mudzayezenso otsala, mudziwe amene alowa pa belu pamodzi ndi makutu ake. Mkuwa umalemera pafupifupi kakhumi kuposa mafuta a muyeso womwewo, ndiye mafuta a kilogalamu imodzi ndi theka ndi belu la makilogalamu pafupifupi 15. Onjezerani wina wa panjira yothirira ndi wotsalira mumphika. Ine ndikanasungunula 20: kopa 16, tini 4. Wotsala sutayika, koma wopereweza wawononga zonse, chifukwa mkuwa wothira kawiri sulumikizana. Ndipo makilogalamu 20 a chitsulo chamoto musanyamule nokha. Pakhale anthu awiri pa chonyamulira, wachitatu wotchinga makala ndi zinyalala kuti zisalowe, ndipo muyeserere mayendedwe onse ndi mphika wozizira kaye. Theophilus anachenjeza kuti pofika apa ntchito imafuna anthu achangu. Anali ndi chifukwa: moto woumitsa chikombole ukachotsedwa, dzenje liyenera kukwiriridwa msanga kuti muthire chikombole chikadali chotentha.

Mayi Nankhoma
Za mafutazo, dikirani June kapena July, muzigwira m'mamawa. Mukhozanso kusakaniza ndi phula la njuchi kuti alimbe. Dongo loyamba kukhudza mafuta likhale losefa bwino, lamadzimadzi, mupake mopyapyala ndi nthenga kapena kaburashi kuti lilowe m'zilembo. Limenelo ndilo nkhope ya belu lanu. Lokhakhala libwere pambuyo.

Aphunzitsi Kaliati
Mukasakaniza phula mulembe kuti mwasakaniza, a Mbewe. Mulembe zonse, ndi zokanika zomwe, mutiuze pano.

Kondwani ku Stuttgart
Chimodzi chisaiwalike, chifukwa ambiri amagwa nacho atapambana kale. Mkuwa ukamazizira umanyala n'kufinya dongo la m'kati. Dongolo likakhala lolimba kwambiri, belu limang'ambika lokha lisanalire n'kamodzi komwe. Theophilus ankapala dongo la pakati kuti lisakhale lochindikala, ndipo chitsulo chikangogwira ankafukula chikombole, kuchigoneka, n'kukokolola dongo la m'kati msanga, lakunja n'kulisiya kuti belu lizizire pang'onopang'ono. Madzi asayandikire. Tsar Bell ya ku Moscow, ya matani pafupifupi 200, inali ikadali m'dzenje lake pamene moto unabuka mu 1737. Anthu pozimitsa anathira madzi, ndipo chibenthu cha matani 11 chinagamphuka. Silinalirepo mpaka lero.

Naphiri wa ku Leicester
Ndipo likatuluka bwino, a Mbewe, musalimenye ndi hamala yachitsulo cholimba pofuna kumva mawu. Lilime lake likhale la chitsulo chofewa chosula, lizimenya pamalo onenepa a pafupi ndi mlomo, ndipo lisalemere mopitirira. Big Ben inang'ambika mu 1859 itangolira miyezi yochepa, ndipo hamala yake inali yolemera kuposa muyeso. Anachita kulitembenuza kuti lizimenyedwa pena n'kuika hamala yopepukirapo, ndipo mng'aluwo ulipobe. Poyesa koyamba lipachikeni ndi chingwe pa makutu ake, lisakhudze kanthu, mugogode ndi mtengo wolimba. Kachitsulo kopachikira lilime mukaike m'chikombole musanamate dongo lomaliza la pamwamba, chifukwa kamayenera kugwidwa ndi mkuwa pothira.

Mbewe wa Mapoto
Kachitsulo kameneko ndisula ndekha. Mayi Nankhoma, ndowe za abuluzo ndisakanize zouma kapena zaziwisi?

Mayi Nankhoma
Ziumitseni, muzifikise m'manja, musefe kuchotsa timiyala. Mukasakaniza ndi dongo muthire madzi, mupondeponde, muphimbe ndi masaka onyowa masiku angapo kuti zivundikane. Mukatero dongo limamvera dzanja. Poyamba yesani muyeso umodzi wa ndowe pa miyeso itatu ya dongo, kenako musinthe malinga ndi mmene timatabwa tanu tatulukira.